Denga lochotseka la Porsche 944 yanga ndi chimene chinkathyola timagiya take

Linali Lachisanu madzulo m'mwezi wa Novembala, ndikuchokera kuntchito mumzinda wa Leeds ku England, pamene denga la galimoto yanga linakana kutsekeka. Masana a tsikulo kunawala kadzuwa, ndipo ndinalikweza pang'ono chakumbuyo kuti mpweya uzilowa, pakuti magalasi ankachita nthunzi. Mvula itayamba kuwaza ndinadina switchi kuti litsike, koma m'malo motsika mwakachetechete monga mwa masiku onse, pamwamba pa mutu wanga panamveka phokoso ngati la munthu amene akukukuta chimanga chokazinga. Mbali ya kumanja inatsika pang'ono, ya kumanzere inatsala m'mwamba, ndipo denga linakhala chopendekeka madzi akulowera pa mipando ya kumbuyo. Ndikulemba izi chifukwa vutoli linanditengera miyezi inayi ndi timagiya tinayi kuti ndilimvetse, pamene munthu wodziwa poyambira akanalithetsa Loweruka limodzi.

Galimotoyi ndi Porsche 944 ya chaka cha 1987, ya injini ya malita 2.5, imene ndinagula kwa bambo ena amene anaisunga m'galaja kwa zaka zingapo osaiyendetsa kawirikawiri. Magalimoto a mtunduwu anapangidwa kuyambira 1982 mpaka 1991, ambiri mwa iwo pa fakitale ya ku Neckarsulm m'dziko la Germany, ndipo denga lake ndi lofanana kwambiri ndi la 924 imene inaitsogolera komanso la 968 imene inabwera pambuyo pake. Ngakhale anthu amalitchula kuti sunroof, si denga lotsetserekera m'mbuyo ngati la magalimoto ambiri a masiku ano. Ndi chivindikiro chachikulu ndithu, chotenga mbali yaikulu ya denga lonse, chimene chimatha kuchita zinthu ziwiri zokha: kukwera pang'ono chakumbuyo, kapena kuchotsedwa chonse ndi manja n'kuikidwa m'thumba lake m'buti.

Ndisanafike pa zothyoka, ndiyenera kunena za chinthu chimene chinandisokoneza sabata zoyambirira, chifukwa ndakumana ndi eni magalimoto otere angapo amene anasokonezeka chimodzimodzi n'kuyamba kumasula zinthu zimene zinalibe vuto. Switchi ya denga ndi imodzi, koma ntchito yake imasintha malinga ndi pamene pali kiyi. Kiyi akakhala pamalo achiwiri, pamene magetsi a padashibodi ayaka kapena injini ikulira, switchiyo imangokweza ndi kutsitsa denga, ndipo likafika potsekeka imaima pomwepo ngakhale muidine motani. Kuti mikono iwiri imene imagwira denga chakumbuyo ibwerere m'malo mwake n'kulisiya lomasuka, kiyi ayenera kukhala pamalo oyamba, pamene wailesi imalira koma injini ili yozima. Zikatero m'pamene mumamasula zokowera ziwiri za kutsogolo n'kulinyamula. Anakonza chomwecho dala kuti munthu asamasule denga mwangozi galimoto ili pa liwiro, ndipo palinso chitetezo china chakuti mukaiwala mikono ili yomasuka denga lili pamalo pake, galimoto ikangoyamba kuyenda imazibweza yokha kuti igwire. Amene sakudziwa zimenezi amamva mota ikulira yokha atangonyamuka, n'kuganiza kuti mawaya agundana penapake.

Mkati mwake muli zinthu zochepa, ndipo ndi bwino kuzidziwa mwa dongosolo lake. Mota ili m'buti, mbali ya kumanzere, kuseri kwa kapeti. Kuchokera pamenepo pali chingwe chachitsulo chokhala ndi mizere yopota ngati sipuling'i, chimene chimayenda m'kapaipi kukwera ndi chipilala cha kumbuyo mpaka kudenga. Kumeneko chingwecho chimazungulitsa timagiya tiwiri toyera ta pulasitiki, kena kumanja kena kumanzere, ndipo kagiya kalikonse kamakankha mkono wake wopindika. Pafupi ndi mota pali timaswitchi ting'onoting'ono timene timaiuza nthawi yoima, kutsogolo pakati pa zotchingira dzuwa ziwiri pali kaswitchi kena kamene kamazindikira ngati denga lilipo kapena lachotsedwa, ndipo pa mota penipeni pali chimene amakaniko amati slip clutch, chomwe ntchito yake ndi kuterereka mikono ikakumana ndi chinthu cholimba, kuti mphamvu ya mota isapite yonse ku mano a pulasitiki. Magalimoto opangidwa chaka cha 1986 chisanalowe kwenikweni ali ndi makonzedwe osiyanako, choncho musanagule chipangizo chilichonse yambani mwatsegula n'kuona zimene zili m'galimoto yanu.

Usiku uja ndinaima pamalo omwetsera mafuta pamene panali denga lobisalira mvula. Chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino n'chakuti ndinasiya kudina switchi nditangomva phokoso lija, ndipo ndikupempha aliyense kuti achite chimodzimodzi, chifukwa kudina kulikonse kumaonjezera mano othyoka ndipo kukhoza kupotoza mkono umene watsala wabwino. Ndinatsegula buti, ndinachotsa kachivindikiro ka pa kapeti moyang'anizana ndi mota, ndipo ndinapeza nati yaikulu imene imazungulitsidwa ndi sipanala ya mapulagi ya m'thumba la zida za galimotoyo. Pozungulitsa natiyo mbali ya kumanja inatsika mpaka kutsekeka, ndipo mkono wa kumanzere, umene kagiya kake kanali katatha mano, ndinaukankha ndi chala kuti ulowe. Mbali imeneyo ndinaimata ndi tepi yolimba kuti mphepo isainyamule, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba. Chimene sindinachilabadire nthawi imeneyo n'chakuti natiyo inali yolimba kwambiri, moti ndinachita kugwira sipanala ndi manja awiri. Yankho la vuto lonse linali m'manja mwangamo, koma maganizo anga anali pa mvula.

M'mawa mwake ndinamasula kansalu ka kudenga chakumbuyo, pamene pamaonekera buti likatsegulidwa, ndipo ndinatsegula timabokosi tiwiri ta timagiya. Ka kumanzere kanali kopanda mano mbali imodzi yonse, ndipo ka kumanja kanali katayamba kudyeka. Ndinaitanitsa tiwiri tatsopano pa intaneti, popeza n'totsika mtengo ndipo ogulitsa zipangizo za magalimoto amenewa sasowa nato, ndinatiika, ndipo denga linayambanso kukwera ndi kutsika. Ndinakhutira kuti ntchito yatha. Patapita sabata zisanu zokha, tsiku lina m'mawa kukuzizira kwambiri, phokoso lomwe lija linamvekanso, ndipo nditatsegula ndinapeza kagiya katsopano katatha mano pamalo omwewo.

Amene ananditsegula maso ndi bambo ena achikulire a kumpingo kwathu, ochokera ku Zomba, amene anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri kwathu ndi ku Bulawayo asanabwere kuno kudzakhala ndi ana awo. Porsche anali asanaigwirepo, koma nditawaonetsa kagiya kothyokako anakatembenuzatembenuza m'manja n'kundifunsa kuti, "Kodi achimwene, fyuzi ikapsa kawiri motsatizana, mumapita kukagula yachitatu kapena mumafufuza chimene chikuiwotcha?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndimafufuza." Iwo anati kagiya ka pulasitiki pakati pa zitsulo sikaikidwa chifukwa chosowa chitsulo, koma kuti kakhale koyamba kugonja zinthu zikalakwika, ndipo kuthyoka kwake ndi uthenga wakuti penapake pali mphamvu yopitirira muyezo. Anandilangiza kuti ndisaikenso timagiya tatsopano kufikira nditayankha mafunso awiri: chifukwa chiyani mota siikuima pamene iyenera kuima, ndipo chifukwa chiyani chimene chiyenera kuterereka sichikuterereka.

Funso loyamba linandikumbutsa chinthu chimene ndinkachiyesa chachibadwa cha galimotoyo. Kuyambira tsiku limene ndinaigula, denga likafika pamwamba penipeni mota sinkaima yokha, koma inkabuula ngati ikulemedwa mpaka ine nditachotsa chala pa switchi. Popeza ndinali ndisanakwerepo 944 ina, ndinkaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Mwini galimoto ina yotere, amene ndinakumana naye pa chionetsero cha magalimoto akale, anandilola kudina switchi yake, ndipo ndinamva mota ikuima yokha mwakachetechete denga litangofika pamwamba. Ngati muli ndi mwayi woona denga la mnzanu limene likugwira bwino ntchito, musautaye, chifukwa mphindi imodzi yomvetsera imaphunzitsa zimene zithunzi za mawaya sizingakuuzeni.

Pofufuza za magetsi ndinatsata njira imene ndingalangize aliyense, kuyambira pa zosavuta. Ndinachotsa timagiya tonse tiwiri kuti mota iziyenda popanda choononga, ndipo denga ndinangolisiya litakhala pamalo pake. Fyuzi, imene ili m'bokosi la pansi pa boneti, inali yabwino, ndipo izi sizinandidabwitse popeza mota inkalira. Kwa amene mota yawo ili chete zii, fyuzi ndiye poyambira, kenako switchi ya pakati pa mipando, imene imadzaza fumbi ndi zotayikira za zaka makumi atatu, kenako kaswitchi ka pakati pa zotchingira dzuwa. Kaswitchi kameneka kamapusitsa anthu ambiri, chifukwa kakapindika kapena kusuntha pang'ono, galimoto imayesa kuti denga palibe ndipo imakana kukweza mikono. Kukayesa n'kosavuta: mumakadina ndi chala n'kumvetsera ngati kakulira kuti "thi", kenako mumayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ngati kakulumikiza magetsi. Kanga kanali kabwino. Ma relay, timaswitchi todziyendera ndi magetsi timene timayatsa ndi kuzimitsa mota, nawonso ankamveka akugunda nthawi iliyonse ndikadina switchi.

Nditachotsa kapeti yense wa mbali ya kumanzere m'buti kuti ndifike pa timaswitchi ta pa mota, dzanja langa linagwira chinyezi. Kunsi kwa kapetiyo kunali konyowa, pansi pa kabowo ka kuseri kwa tayala panali timadzi tochepa, ndipo polumikizira mawaya a kaswitchi kamodzi panali dzimbiri lobiriwira lija limene limamera pa mkuwa. Nditayeza, kaswitchiko nthawi zina kankagwira ntchito, nthawi zina ayi, ndipo kachitsulo kake kodinira kanali kolimba ndi dzimbiri. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mavuto awiri amene ndinkawaona ngati osiyana anali amodzi. Kwa miyezi yambiri magalasi ankachita nthunzi m'mawa uliwonse ndipo m'galimoto munkamveka kafungo ka chinyontho, zimene ndinkangoti ndi nyengo ya ku England. Nthunzi yomweyo ndiyo inkandichititsa kukweza denga tsiku ndi tsiku m'nyengo yozizira, pamene pulasitiki imakhala yosachedwa kuthyoka, ndipo madzi amene ankabweretsa nthunziyo ndi omwenso ankadya kaswitchi koimitsa mota.

Kupeza kumene madziwo ankachokera kunandikumbutsa nyumba ya malata ya agogo anga ku Ntcheu. Mvula ikagwa, madzi ankadontha pakati pa chipinda, koma amalume akakwera padenga ankapeza bowo la msomali lili kutali, pafupi ndi mtanda wa pamwamba, chifukwa madzi amatsata mtengo kaye asanagwe. M'galimoto zilinso chomwecho, ndipo pamene mwapeza chinyezi si pamene madzi alowera. Anthu ambiri akaona madzi amathamangira kugula labala watsopano wozungulira denga, amene ndi wokwera mtengo, poganiza kuti ntchito ya labalayo ndi kutsekereza dontho lililonse. Zoona zake n'zakuti madzi ena amadutsa ndithu ngakhale labala ali watsopano, ndipo n'chifukwa chake kuzungulira bowo la denga kuli ngalande yaing'ono yokhala ndi timabowo tinayi, kamodzi pa ngodya iliyonse. Pa kabowo kalikonse pali kapaipi kamene kamatsika mkati mwa chipilala kukataya madzi pansi pa galimoto. Timapaipi timeneti tikatsekeka ndi masamba ndi matope, kapena kamodzi kakavuka, ngalande imasefukira mkati.

Ndinachotsa denga, ndinaimika galimoto pamalo athyathyathya, ndipo ndinatenga botolo la madzi n'kumathira pang'onopang'ono pa ngodya imodzi imodzi, mkazi wanga atawerama kuyang'ana pansi. Pa ngodya ziwiri za kutsogolo madzi anatuluka pansi mwamsanga. Pa ngodya ya kumbuyo kumanja anatuluka modontheza, kusonyeza kuti kapaipi kanali katatsala pang'ono kutsekeka. Pa ngodya ya kumbuyo kumanzere madzi analowa bwinobwino m'kabowo koma pansi sipanatuluke kanthu, ndipo patapita kanthawi mkazi wanga anati, "Bambo a Chisomo, bwerani mudzaone m'butimu." Madzi ankatsetsereka ndi chitsulo cha chipilala n'kumagwera pafupi ndi mota. Nditasuzumira kuseri kwa nsalu ya kudenga ndi tochi ndinaona kuti kapaipi kanavuka pa kamlomo kake ndipo kankangolendewera, kukamwa kwake kutauma ndi kung'aluka chifukwa cha ukalamba.

Ndinadula kachidutswa kong'alukako, ndinafewetsa nsonga yake m'madzi otentha, ndinakabwezera pa kamlomo n'kukamanga ndi kachingwe ka pulasitiki kokoka. Timapaipi tinato ndinatitsuka polowetsa chingwe cha nayiloni cha makina odulira udzu, chimene chimapindika motsata kapaipi popanda kukaboola. Pa nkhani imeneyi ndili ndi maganizo olimba. Musalowetse waya wa hang'ala kapena chitsulo chilichonse, ndipo musapope mpweya wamphamvu wa kompuresa, chifukwa zonse ziwirizi zimaboola kapena kuvula kapaipi mkati mwa chipilala momwe dzanja silifika, ndipo vuto la theka la ola limasanduka ntchito yomasula nsalu yonse ya kudenga. Ndikukhulupirira kuti kanga kanavuka mwa njira yotereyi m'manja mwa munthu wina amene anali ndi cholinga chabwino. Ndinayang'ananso labala wa chitseko cha buti ndi wa magetsi a kumbuyo, popeza nawonso amalowetsa madzi pamalo omwewo m'magalimoto amenewa, koma anali bwino. Kapeti ndinamuumitsa m'nyumba masiku atatu, kaswitchi kadzimbiri ndinaikapo kena, ndipo polumikizira mawaya ndinapala mpaka mkuwa unawala.

Funso lachiwiri la bambo aja linali lisanayankhidwe. Ngakhale kaswitchi kalephere, timagiya sitiyenera kuthyoka ngati slip clutch ikuterereka pa mphamvu yoyenera, imene ndi pafupifupi 6 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yozungulitsira nati). Imeneyi ndi mphamvu yochepa kwambiri, yoti munthu amaipereka ndi dzanja limodzi pa sipanala yaifupi popanda kudzikakamiza. Ndinabwereka sipanala yoyezera mphamvu ya mtundu waung'ono, chifukwa yaikulu yomangira matayala siyeza molondola pa manambala otsika chonchi, ndipo ndinaiika pa nati yaikulu ija timagiya tisanabwezeretsedwe. Clutch yanga inayamba kuterereka itapitirira kawiri muyezo umenewo. Apa ndinakumbukira manja awiri amene ndinagwiritsa ntchito usiku wa mvula uja. Kaya inalimba yokha chifukwa cha dzimbiri la chinyezi chija, kaya wina anaimanga dala poona kuti denga likukwera mwaulesi, zotsatira zake zinali zofanana: mphamvu yonse ya mota inkathera pa mano a pulasitiki.

Kuikonza kumafuna kudekha osati mphamvu. Pali nati yaing'ono yotsekera imene mumayamba mwamasula, kenako mumabweza nati yosinthira pang'ono kwambiri, mumamanganso yotsekera, n'kuyezanso. Ndinabwereza zimenezi kasanu ndisanafike pa muyezo, chifukwa kumanga nati yotsekera kumasinthanso pang'ono zimene mwayeza. Ngati mulibe choyezera, ndi bwino kulakwira mbali yofewa kusiyana ndi yolimba, pakuti clutch yofewa imangolephera kukweza denga ndipo mumaimangako pang'ono, pamene yolimba imathyola zinthu. Ndipo ngati denga likulephera kukwera clutch ili pa muyezo wake, musaimange mopitirira. Fufuzani chimene chikulemetsa, chomwe kawirikawiri chimakhala girizi wakale amene wauma ngati phula m'kapaipi ka chingwe, kapena labala amene wamatirira ku denga.

Poika timagiya tachitatu ndi tachinayi ndinachita zimene ndinanyalanyaza ulendo woyamba. Ndinatsuka timabokosi tonse tiwiri mpaka kuchotsa kachidutswa kalikonse ka mano akale, popeza kachidutswa kamodzi kotsalira m'girizi kakhoza kulowa pakati pa mano atsopano n'kuwathyola. Ndinapukuta chingwe chija pamene chimaonekera n'kuchipaka girizi wopepuka amene sadya pulasitiki. Chofunika koposa pamenepa ndi kuonetsetsa kuti mikono iwiri yayambira pamalo ofanana. Ndinayendetsa mota mpaka pamalo omasulira denga, ndinakankha mikono yonse iwiri kuti ibisale mofanana, kenako ndinalowetsa timagiya popanda kusuntha kanthu. Mkono umodzi ukatsogola ndi dzino limodzi lokha, denga limakwera chopotoka, mbali imodzi imafika pothera inzake isanafike, ndipo kagiya ka mbali imeneyo kamasenza katundu yense. Timabawuti ta pa chivindikiro cha bokosi sitifuna kumangidwa mwamphamvu, chifukwa timalowa m'pulasitiki yakale imene imang'aluka msanga. Ndisanabwezeretse denga ndinayendetsa mikono kangapo ndikudina kaswitchi ka kutsogolo ndi chala, ndipo ndinaona ikukwera limodzi n'kuima yokha pamwamba.

Alipo amene amagulitsa timagiya tachitsulo, ndipo mnzanga wina anandilimbikitsa kuti ndigule timeneto kuti ndisadzavutikenso. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinachita bwino. Kagiya kachitsulo sikachotsa mphamvu yopitirira muyezo, kamangoipititsa kwa chinthu chotsatira, chimene chingakhale chingwe, mkono, bokosi la pulasitiki kapena mota yeniyeniyo, ndipo zonsezi n'zodula komanso zovuta kupeza kusiyana ndi kagiya. Amene wakonza clutch ndi timaswitchi sasowa kagiya kachitsulo, ndipo amene sanakonze, kagiya kachitsulo kamangomubisira vuto mpaka tsiku limene lidzaonekere pamalo oipa kwambiri.

Za labala ndinene mwachidule. Wanga sanafunike kusintha. Ndinamutsuka ndi madzi a sopo, ndinamupaka girizi wa silikoni pang'ono, ndipo anafewanso. Mafuta a injini kapena mafuta odzola opangidwa kuchokera ku petulo musawayandikize, chifukwa amatupitsa labala wa mtundu umenewu n'kumuononga. Kuti mudziwe ngati akugwira bwino, ikani kapepala pakati pa denga ndi labala, tsekani, ndipo kokani: kakatuluka popanda kukana, pamenepo pali mpata. Kwa ine mpata unali kutsogolo kumanja, kumene kunkamveka kamluzu ka mphepo pa msewu waukulu, ndipo chifukwa chake chinali chokowera chimene timabawuti take tinamasuka. Nditatimanga kamluzu kanatha.

Kachotsedwe ndi kabwezeredwe ka denga nakonso kamathyola timagiya, ndipo apa m'pamene ndinasintha chizolowezi changa. Pomasula, ndimachotsa chala pa switchi mikono ikangobisala, osadikira kuti mota ibuule. Ponyamula, ngakhale munthu mmodzi angathe, chivindikirocho n'chotambalala moti n'chosavuta kuchigunditsa pa penti kapena kuchipotoza pa timahinji ta kutsogolo, ndipo mawu a makolo akuti mutu umodzi susenza denga ndimawatsata monga momwe alili: ndimaitana mkazi wanga kapena mwana wanga wamkulu kuti agwire mbali inayo. Pobwezera, timayamba talowetsa timalilime ta kutsogolo m'malo mwake, kachotchinga mphepo ka kutsogolo kwa bowo la denga katagona bwino, kenako timatsitsa kumbuyo mofatsa, ndipo ndimatseka zokowera ziwiri za kutsogolo ndisanakhudze switchi. Denga likakhala kuti silinakhazikike bwino, mikono imagunda m'mphepete m'malo molowa m'mabowo ake, ndipo ikatero chimene chimapulumutsa mano ndi clutch yokha. M'nyengo ya chisanu, madzi akaundana padenga, sindilikweza konse mpaka galimoto itatenthera, chifukwa labala amakhala atamatirira ndi ayezi.

Ntchito yonseyi ndinaimaliza kumapeto kwa Malichi. Loweruka loyamba la Meyi kunacha bwino, ndipo ndinapita kukawatenga bambo a ku Zomba aja kunyumba kwa mwana wawo. Tinachotsa denga tili awiri, tinaliika m'thumba lake m'buti, ndipo tinayenda mpaka ku Grassington m'mapiri a Yorkshire Dales, iwo atavala chipewa chawo chaubweya. Pobwerera mitambo inayamba kusonkhana cha ku Skipton, ndipo tinaima m'mbali mwa msewu kuti tibwezere denga. Nditatseka zokowera ndi kudina switchi, anandigwira mkono kuti ndikhale chete, anatchera khutu chakumbuyo, ndipo mota itaima yokha anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Tiyeni achimwene, mvula ija yafika." Papita zaka ziwiri tsopano timagiya tomwe tija tili m'malo mwake, ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse, masamba akayamba kugwa, ndimachotsa denga n'kuthira botolo la madzi pa ngodya zonse zinayi, wina atawerama kuyang'ana pansi pa galimoto.